Maso Awiri a Kamera ya Bambo

1. Nyumba nambala 41

Mu Okutobala wa chaka cha 1953, dokotala wa pa mgodi wina wa golide kufupi ndi Bindura anaika kachitsulo kake kozizira pa chifuwa cha a Pensulo Phiri. Anamvetsera pang'ono, n'kulemba pa kapepala. Iye sanatsegule pakamwa. Amene analankhula anali womasulira.

"Madala, ntchito ya pansi yatha. Fumbi ladya mapapo. Nyumba mukhalamo mpaka Khirisimasi, basi."

Amene simunakhaleko m'komboni mumvetsere apa, chifukwa sindibwereza. Nyumba ya m'komboni si ya munthu ayi, ndi ya mgodi. Mwamuna akamalowa pansi, banja lake limagona m'nyumba. Akaleka kulowa, kaya wadwala kaya wafa, kapitawo amalemba mtanda wa choko pa chitseko, ndipo ena amalowamo mphasa zanu zisanazizire.

A Pensulo anali ndi mkazi, a Eliness, amene anthu ankawatchula kuti Nambewe, ndi ana atatu. Woyamba anali Yunike, wa zaka khumi ndi zisanu. Jasper ndi Nelly anali aang'ono, osadziwa kanthu. Onse atatu anabadwira m'komboni momwemo. Ku Ntcheu, ku Nyasalande, kumene makolo awo anachoka zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo, ankangokumva ngati nthano.

Kumudziko kunatsala chinthu chimodzi chokha: munda wa malemu amayi awo a Nambewe, ndi kanyumba kake. Amene ankasunga anali mlongo wa Nambewe wamng'ono, Tobiasi, amene anamusiya ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Abale ena ankaulakalaka mundawo chaka ndi chaka, ndipo Tobiasi anali atatopa kuwakaniza.

Nambewe sankadziwa kulemba. Kawiri konse anamukhazika Yunike pansi kuti alembere amalume ake: bambo akudwala, tikubwera, musapereke munda, mufolere nyumba. Yankho linabwera limodzi, ndipo Yunike analiwerenga mokweza.

"Achemwali, matchona onse akapemphedwa bulangete amadwala. A Staford a kuno analemba kuti athyoka mwendo, chaka chotsatira anafika pa njinga akupalasa ndi miyendo iwiri. Pepala limavomera chilichonse. Kodi alamuwo si ojambula? Ngati akudwaladi, tumizani chithunzi tione ndi maso. Mvula ikagwa munda usanapeze mwini wake, ine sindithanso kuuletsa."

Nambewe anapinda kalatayo n'kuiika pansi pa mtsuko.

"Akufuna kuona ndi maso," anatero. "Aona."

2. Chifundo ndi Mboni

Masiku asanu ndi limodzi a Pensulo ankaboola miyala pansi pa nthaka. Lamulungu, anthu akatuluka m'tchalitchi, ankakhala munthu wina. Ankatulutsa kamera yawo, bokosi lathabwa la miyendo itatu ndi nsalu yakuda kumbuyo, n'kumajambula anthu a m'komboni, ena ochokera ku Shamva, ena ku mafamu a fodya a ku Matepatepa. Yunike anayamba kuwanyamulira miyendo ya kamera ali ndi zaka khumi. Pofika chaka chimenechi, manja a bambo ake atayamba kunjenjemera, ankajambula ndi iyeyo.

Kamerayo inali ndi maso awiri, magalasi oti uchotse lina n'kupotokolera lina. Ankagona m'chitini cha tiyi, lililonse m'sokosi yake.

Lakale linali loyera mbee ngati madzi a pachitsime. Latsopano a Pensulo analipeza kwa Mmwenye wina wojambula ku Harare, posinthana ndi njinga yawo. Ukaliyang'ana cham'mbali linkaoneka ndi kamtundu kabuluu kofiirira. Tsiku limene anabwera nalo, wapansi, Nambewe analitembenuza m'manja n'kunena kuti, "Njinga yathunthu mwasinthanitsa ndi diso la mbuzi yakufa." Mawa lake anawapeza Nambewe atatapa phulusa kuti alitsuke. A Pensulo anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika.

Tsiku limenelo ndi limene anamuphunzitsa Yunike, ndipo Yunikeyo mawu awo sanawaiwale.

"Taona, mwanangu. Lakaleli ndi losapaka. Kuwala kukalowa m'menemu kumasochera ngati mlendo wosadziwa khomo. Kugunda uku, kugunda uku, kenako kumwazika pa chithunzi chonse ngati nkhungu ya m'mawa. Ndiye mithunzi imapepuka. Makwinya amathawa. Masaya olowa amadzaza. Makamaka ukamuika munthu dzuwa lili kumbuyo kwake, ndi mulu wa mchenga woyera wa pamgodiwu ukuwala, nkhalamba imabwerera ku unyamata. Ili ndi Chifundo.

"Latsopanoli ndi lopaka. Kamtunduka si litsiro ayi, uwauze amayi akowo. Ndi mankhwala opyapyala kuposa khungu la anyezi, amene amagwira kuwala kuti kuyende njira imodzi osapatuka. Chakuda chimada bii, choyera chimayera mbee. Chipsera chilichonse chimaimirira n'kutchula dzina lake. Ili ndi Mboni. Palibe labwino, palibe loipa. Ntchito yako ndi kudziwa kuti chithunzicho chikupita kwa yani, ndipo akachita nacho chiyani."

Anthu a m'komboni anawadziwa mainawo. Wofuna chithunzi cha pa chitupa, kapena anyamata a mpira ofuna kuti nambala ioneke, ankati, "Ikani Mboni, madala." Koma wofuna kutumiza nkhope kumudzi kuti amupezere mkazi ankayandikira n'kunong'ona m'chilankhulo cha pamgodi, "Faka Chifundo, a Phiri. Mushe sitereki, ndioneke bwino kwambiri."

Tsopano bambo anali atagona. Wopita ku Harare kukatenga mafilimu panalibe. Kamera yotereyi imadya filimu imodzi pa chithunzi chimodzi, ndipo m'bokosi munatsala imodzi yokha.

3. Mawu a pa mwala wochapira

Loweruka masana Nambewe anamutenga Yunike kupita naye ku mpopi. Sikuti zochapa zinali zambiri. Ankafuna polankhulira poti amuna awo asamve.

Anamenya malaya pa mwala katatu, n'kuima.

"Mawa ujambula bambo ako. Uika diso la mbuzi lija. Wamva?"

"Ndazvinzwa, amai."

"Undiyankhe m'Chinyanja. Kumene tikupita kulibe ndazvinzwa."

"Ndamva, amayi."

"Sunamve kanthu, ndikuuze. Ine ndikudziwa mtima wako, ndi wa bambo ako, wofewa ngati papaya lakupsa. Adzakuyang'ana ndi maso aja, iwe n'kusungunuka. Ndiye tamvera.

"Ukuwadziwa a Chikaipa a nambala 12, a nthomba kumaso aja? Bambo ako anawajambula ndi Chifundo, chithunzi n'kupita ku Dedza. Mtsikana anachiona, anavomera, anakwera lole masiku asanu. Atatsika n'kuona nkhope yeniyeni analira masiku atatu. Komboni yonse inaseka, inenso ndinaseka. Koma mtsikana uja sanaseke, ndipo mpaka lero ali pomwepo, chifukwa njira yobwerera analibe. Chithunzi si choseweretsa. Anthu amanyamuka nacho, amasiya nacho zinthu.

"Ukuwakumbuka amake Dailesi? Amuna awo anamwalira Lachiwiri, Lachisanu choko chinali pa chitseko. Kumudzi anali atawaiwala, chifukwa zaka zonse ankatumiza zithunzi za masuti ndi mawu oti tili bwino, tili bwino. Lero ali ku Matepatepa, agona m'chigafa cha fodya ndi ana anayi. Dailesi uja munkakhala naye benchi imodzi, pano akuthyola fodya, manja akuda ngati phula. Chaona mnzako chapita, mwana iwe.

"Ine sindikufuna chithunzi chokongola. Chokongola sitidya. Ndikufuna Tobiasi akachitsegula agwe mtima, aone nthiti, aone imfa itakhala pa mpando, athamange akadule udzu wofolera nyumba. Bambo ako achite manyazi tsiku limodzi, ife tipeze pogona zaka zonse. Iwo akupita, Yunike. Usandiyang'ane choncho, ukudziwa. Akupita, ndipo kumene akupitako sakafuna munda. Otsala ndife. Chifundo chidapha nkhwali."

Yunike anafinya malaya. Madzi anatsikira m'zigongono.

"Ndikanadziwa kugwira chibokosicho ndikanajambula ndekha," anatero Nambewe, n'kumenyanso malaya pa mwala. "Koma zaka zonsezi ine ndinali wochapa nsalu yakuda ija basi."

4. Lamulungu

Kutchalitchi sanapite. Dzuwa litakwera pang'ono anawatulutsa a Pensulo, wina uku wina uku, n'kuwakhazika pa mpando kuseri kwa nyumba. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi.

Mkangano unayambira pa nsalu. A Pensulo anali ndi nsalu yaikulu yojambulidwa nyumba yosanja ndi maluwa, imene ankaipachika kumbuyo kwa anthu.

"Aikona, ayi," anatero Nambewe. "Nyumba yosanja ya yani? Tiika bulangete."

"Ndiye jekete ndivala."

"Jekete ya chiyani kutentha konseku?"

"Nambewe, ndi Lamulungu. Ngakhale mtembo amauveka jekete."

Nambewe anawayang'ana, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka nayo jekete yakuda ya kutchalitchi. Anawaveka okha, mwaukali, koma pokonza kolala dzanja lawo linachedwa pang'ono pa khosi.

"Valani. Nkhope inena yokha."

Yunike anaimika kamera. Anatsegula chitini cha tiyi, n'kutulutsa Mboni m'sokosi yake, n'kulipotokolera amayi ake akuona. Kamtundu kabuluu kananyezimira.

"Ndi limenelo," anatero Nambewe.

Kunali mphepo ya Okutobala, youluza fumbi la pa mulu wa mchenga. Bulangete linakana kukhala pa chingwe. Linagwa kawiri. Kachitatu Nambewe anang'ung'udza, n'kukwera pa njerwa kuseri kwake, n'kuligwira ndi manja awiri m'mwamba. Kunkangooneka zala zawo zokha.

"Fulumira, mikono si mitengo iyi!"

Yunike analowetsa mutu m'nsalu yakuda. Pa galasi la kumbuyo anaona bambo ake atazondoka, mutu pansi, monga mmene kamera imaonetsera aliyense. Anapotokola mpaka nkhope inamveka bwino. Mboni silinabise kanthu. Maso anali m'maenje awiri akuda. Mafupa a m'masaya anatuluka ngati zigongono. Khosi linali kamtengo kozikidwa m'kolala.

Anatulutsa mutu n'kupita kukawongola tayi. Apo bambo ake anamugwira dzanja. Analankhula motsitsa, akupumira pakati pa mawu.

"Waona chiyani m'menemo?"

"Palibe, baba."

"Usandinamize, ndine ndinakuphunzitsa. Waona chigaza." Anapuma. "Tamvera, mwanangu. Zaka khumi ndi zitatu ndajambula anthu. Mazana. Oledzera, akuba, akwati, makanda. Aliyense ndinamupatsa nkhope yoti apite nayo kwawo. Ine ndilibe chithunzi n'chimodzi chomwe. Wojambula sajambulidwa. Ichi ndi choyamba, ndiponso chomaliza.

"Nelly ali ndi zaka zitatu. Sadzandikumbuka. Akadzakula adzafunsa kuti bambo anga anali otani, ndiye iwe udzatulutsa chiyani? Chimene waona m'nsalumo? Adzalota nacho. Ndipo kumudzi chithunzi sichionedwa ndi munthu mmodzi. Chidzayenda khomo ndi khomo. Amene ndinavina nawo, amene anandiperekeza pa msewu ndili mnyamata wonyamula thumba la chimanga ndi dzanja limodzi, adzati taonani zimene Pensulo anakatenga ku Halale. Mgodi wandilanda mapapo, wandilanda nyumba. Nkhope yokhayi, mwanangu. Ndisiyire nkhope.

"Kalata ulembamo zoona zonse. Tobiasi ndi munthu, amva. Sindikukulamula. Kamera ili m'manja mwako."

"Mukunong'onezana chiyani uko?" anafuula Nambewe kuseri kwa bulangete. "Ndigwetsa ine!"

"Tayi, amayi. Yapindika."

Yunike anabwerera pa kamera. Chitini cha tiyi chinali pansi, chotsegula. Anayang'ana zala za amayi ake pamwamba pa bulangete, zotupa ndi sopo. Anayang'ana bambo ake. Iwo sanamuyang'ane. Anali atawongola msana, atakweza chibwano, monga ankauzira anthu ena Lamulungu lililonse.

Kupotokola galasi kumatenga nthawi yochepa kuposa kumanga mpango. Mboni linalowa m'sokosi. Chifundo linalowa pa kamera. Kenako Yunike anachita chinthu china chimene palibe anamupempha: anasuntha miyendo ya kamera pang'ono, kuti kuwala kwa mulu wa mchenga woyera kudutse pamwamba pa bulangete n'kugwera m'galasi.

Analowanso m'nsalu. Maenje aja anali atadzaza. Pa mpando panakhala mwamuna wowonda pang'ono, wa jekete yabwino, kuwala kutamuzungulira mutu.

Analowetsa filimu.

"Musapume, baba. Musatsokomole."

Anatsegula diso la kamera. Modzi. Wiri. Tatu. Anatseka.

Chifuwa chimene a Pensulo anachigwira chinaphulika. Anatsokomola mpaka anapindika pakati, ndipo pa mpango panaoneka magazi. Nambewe anaponya bulangete n'kuthamangira amuna awo. Pamene ankatembenuka, Yunike anali atavundikira kale kamera ndi nsalu yakuda.

"Yatheka?"

"Yatheka, amayi."

5. Envelopu

Lolemba m'mawa Nambewe anapita kukachapa ku nyumba za azungu, monga mwa masiku onse. Yunike anatseka zenera ndi bulangete lomwe lija, anatseka mpata wa pansi pa chitseko ndi chiguduli, n'kuthira mankhwala m'mbale zitatu. Anatsuka filimu, anaiyanika, ndipo masana anasindikiza zithunzi ziwiri.

Nkhope inatuluka pang'onopang'ono m'madzi. Chinali chithunzi chabwino kuposa zonse zimene Yunike anajambulapo. Ndinene zoona pamenepa. Ngakhale bulangete lakale lija linaoneka ngati nsalu ya mtengo wapatali.

A Pensulo anachigwira m'mphepete ndi nsonga za zala, nthawi yaitali.

"Ndi ameneyu," anatero. "Amayi ako anakwatiwa ndi ameneyu."

Anaseka pang'ono, koyamba mwezi umenewo. Chimodzi anachilowetsa m'Baibulo, pansi pa pilo.

Yunike analemba kalata. Analemba zoona zokhazokha: za dokotala, za magazi, za choko, za Khirisimasi. Mawu oti "akudwala kwambiri" anawadula mzere kunsi kawiri. Anaika chithunzi pakati, anamata envelopu, n'kuyenda wapansi mpaka ku positi ku Bindura amayi ake asanaweruke. Envelopu itagwera m'bokosi anaimirira pomwepo kanthawi, dzanja lili pa kamwa la bokosilo. Koma bokosi la positi silibweza.

Madzulo Nambewe anafika miyendo itatupa. Anakhala pa khonde n'kuvula mpango.

"Chili kuti ndione?"

"Ndatumiza kale, amayi. Ndimaopa kuti lole ya makalata ingatisiye."

"Chinatuluka?"

"Chinatuluka."

"Akuoneka?"

"Akuoneka, amayi."

Nambewe anapumira m'mwamba. "Wachita bwino. Mwina n'kwabwino kuti sindinachione. Ndimachiona kale tsiku lililonse." Anamusisita Yunike pa phewa, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. "Wakula, mwanangu."

Bodza loyamba limabala lachiwiri tsiku lomwelo, ndipo lachiwiri ndi limene limalandira mayamiko. Yunike sanadye tsiku limenelo. Anati m'mimba.

Kuyambira pamenepo Nambewe anayamba kumanga katundu. Mphika waukulu anapatsa mnansi, poti sukananyamulika. Nkhuku anazidya imodziimodzi. Anasoka matumba awiri a ufa kukhala chikwama. Ankawaphunzitsa Jasper ndi Nelly kunena "zikomo" m'malo mwa "mazvita", ndi kugwada popereka madzi. Tsiku lililonse ankafunsa ngati kalata yabwera. Sinabwere.

6. Odi wa kumudzi

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa Novembala. Inagwanso, n'kugwanso. Kunatsala milungu iwiri kuti Khirisimasi ikwane.

Tsiku limenelo linali Loweruka, chakumasana. A Pensulo anali pa khonde atatsamira khoma, atafunda bulangete ngakhale kunali dzuwa. Tsopano sankathanso kuyenda okha. Yunike ankasankha nyemba pafupi nawo. Nambewe anali kuseri, akuyanika zovala.

"Odi! Odi kuno!"

Anansi a m'komboni ankati "tisvikewo". Odi wotere, wokoka, anali wa munthu wongofika kumene.

Pa bwalo panaima mwamuna wa zaka ngati makumi atatu, wopanda nsapato, matope mpaka m'mawondo. Pamutu anasenza mtolo wa mphasa, m'manja ananyamula kasutikesi komangidwa ndi luzi. Anatula, anavula chipewa, n'kuwomba m'manja kwa a Pensulo mwaulemu.

"Pepani agogo. Andiuza kuti nambala 41 ndi pano. Ndikufuna kwa a Phiri, ojambula aja."

A Pensulo anatsegula pakamwa, koma chinatuluka ndi chifuwa.

"Pepani, pepani," anatero mlendoyo. Anapisa m'thumba la malaya, n'kutulutsa kansalu, n'kukafunyulula mosamala. "Mwina dzina ndalakwitsa. Ndikufuna bambo awa. Ndi alamu anga."

Anawaonetsa a Pensulo chithunzi chawo chomwe.

Lichero linagwa m'manja mwa Yunike. Nyemba zinamwazika khonde lonse.

Nambewe anatulukira pa ngodya ya nyumba, malaya onyowa ali pa phewa. Anaima. Anamuyang'ana mlendoyo kuyambira kumapazi, n'kufika pa mphumi, pamene panali kachipsera ka khasu ka paubwana.

"Tobiasi?"

"Achemwali!" Anagwada, akuseka, misozi ili m'maso. "Achemwali anga! Ndafika. Masiku asanu ndi anayi, lole ya ulere mpaka ku Mtoko, kwinako wapansi. Koma ndafika."

"Wabwera kudzatitenga," anatero Nambewe. "Mulungu ngwamkulu. Wafolera nyumba?"

"Kudzakutengani?" Tobiasi anaseka kwambiri. "Muchoke pabwino pano mukatani ku njala? Aa, achemwali, nkhani zanu zija! Kalata ikuti akudwala, akudwala, mpaka mizere iwiri kunsi. Aphunzitsi atatiwerengera, ine n'kutulutsa chithunzi, bwalo lonse linagwa ndi phwete. Anati kudwala kwake kukakhala kumeneku, nafenso tikufuna tidwale! Jekete imeneyi! Tayi! Nkhope yosalala ngati ya m'busa! Chayenda midzi itatu chithunzi chimenechi. Ndiye ndinati ine ndikuvutikiranji kulondera munda wa anthu oti sadzabweranso?"

"Munda," anatero Nambewe.

"Ndawapatsa ana a mayi aang'ono, pamaso pa anthu, nkhani inatha bwinobwino. Adzala kale, chimanga chamera. Kanyumba kaja kanali kakugwa, anaphwasula n'kutenga mitengo. Musadandaule, palibe chotsala choti chikuvutitseni mutu."

Nambewe anatambasula dzanja. Tobiasi anawapatsa chithunzicho monyadira.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Madzi a malaya onyowa aja ankadontha pa phazi lawo, iwo osamva. Zaka zonse zija anali wochapa nsalu yakuda basi, koma zithunzi zouma pa chingwe anaziona mazana. Ankadziwa ntchito ya diso lililonse.

Sanakuwe. Yunike akanakonda akanakuwa.

"Yunike."

"Amayi."

"Galasi liti?"

Yunike anayang'ana nyemba zili pansi.

"Nambewe," ananong'ona a Pensulo, "ndine ndina..."

"Inu khalani chete, sungani mpweya. Ndafunsa amene anagwira kamera." Anatembenukiranso kwa mwana wawo. "Ndinakuuza pa mwala paja. Unati wamva. M'zinenero ziwiri unati wamva."

Anapukuta chala pa chitenje, n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono pa tsaya la munthu wa m'chithunziyo. Kenako anachibweza kwa mlongo wawo, n'kukhala pansi pa dothi lonyowa, pafupi ndi chikwama cha matumba a ufa chimene chinali pakhomo, chomangamanga.

Tobiasi anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyu, kumwetulira kukuchepa koma osamvetsa. Anasuzumira m'nyumba, kudutsa pamwamba pa mutu wa nkhalamba ya m'bulangete ija.

"Kodi ndalakwa, achemwali? Ngati malo ndi ochepa tipanikizana, ndife abale. Mlamu wanu, mkazi wanga, ndi ana awiri ndawasiya pa geti, apolisi a komboni akuti salowa mpaka mwini nyumba akawalembetse yekha." Anapukuta chithunzi chija pa malaya ake n'kuchikulunganso m'kansalu. "Nanga alamuwo aweruka nthawi yanji? Ndikufuna Lolemba lomweli anditengere kwa kapitawo. Akuti ntchito yabwino ndi ya pansi."